Malipiro Akamatha Mwezi Usanathe: Kupeza Pamene Bajeti Ikudontha ndi Kukonza Kwake

Kwa zaka zingapo ndakhala mlembi wa gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama la anthu apantchito kuno ku Zomba, ndipo dandaulo limene ndimalimva mwezi ndi mwezi ndi limodzi lomwelo: malipiro alowa kumapeto kwa mwezi, koma pofika pa 10 munthu wayamba kale kulembetsa shuga ndi sopo pa okala. Odandaulawo ndi aphunzitsi, anamwino, apolisi, asilikali, oyang'anira ndende ndi ogwira ntchito m'maofesi, popeza mzinda uno, ngakhale unasiya kukhala likulu la dziko mu 1975, udakali mzinda wa anthu odalira malipiro a pamwezi. Ambiri mwa iwo ndi anthu osamala, ndipo ena amalemba ndithu bajeti, koma amaimanga pa chiwerengero cholakwika. Amawerengera malipiro olembedwa pa kalata yowalemba ntchito, kapena alawansi imene sinafike, pomwe ndalama zoti munthu aziyendetsera pakhomo ndi zokhazo zimene zimafika m'manja mwake msonkho, penshoni ndi ngongole zitachotsedwa.

Malangizo awa ndawasanja motsatira zizindikiro za vuto. Pansi pa chizindikiro chilichonse ndayamba ndi chifukwa chimene chimapezeka kawirikawiri, kutsirizira ndi chimene chimachitika apo ndi apo. Ziwerengero za makwacha ndi zitsanzo chabe, zoti inu muikepo zanu.

## Zofunika kukhala nazo musanayambe kufufuza

- Mapeyisilipi a miyezi itatu yapitayi.
- Sitetimenti ya kubanki ya miyezi yomweyo.
- Mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba amene simunafufute.
- Kope limodzi la bajeti yokha, losasakaniza ndi zolemba zina.
- Mndandanda wa ngongole zonse, kuphatikizapo za pa okala, za anzanu a kuntchito ndi zimene akunyumba kwanu sakuzidziwa.

Pa miyezi itatuyo, tengani mwezi umene munalandira ndalama zochepa koposa, ndipo chiwerengero chimenecho ndicho muzimangirapo bajeti. Alawansi ya kumsonkhano, ndalama za ovataimu, za ganyu yophunzitsa ana masana kapena za kageni musaziike m'chiwerengero chimenechi. Zikabwera mudzazipezera ntchito, koma lendi isamadikire zimenezo.

## Chizindikiro choyamba: ndalama zolowa mu akaunti zachepa kusiyana ndi zimene mumayembekezera

1. Mumawerengera malipiro osachotsera. Olemba ntchito amadula msonkho wa pa malipiro wotchedwa PAYE n'kukapereka ku bungwe lotolera misonkho la MRA musanaione ndalamayo. Gawo loyamba la malipiro silidulidwa msonkho, ndipo mu 2024 gawo limeneli linali K150,000 pamwezi, koma boma limasintha malire ndi maperesenti ake nduna ya zachuma ikapereka ndondomeko ya chuma ku Nyumba ya Malamulo, choncho funsani a ku ofesi ya malipiro kuntchito kwanu za malire amene akugwira ntchito panopa. Pa penshoni, lamulo limati wantchito azipereka osachepera 5 peresenti ya malipiro ake ndipo womulemba ntchito aziwonjezera osachepera 10 peresenti. Gawo lanulo limachoka pa malipiro anu, pomwe la abwana siliyenera kudulidwa kwa inu. Munthu akakwezedwa pantchito, ndalama yowonjezerayo imadulidwa msonkho pa peresenti ya pamwamba imene iye wafikapo, n'chifukwa chake K60,000 yolembedwa pa kalata safika yonse m'manja.

2. Ngongole zodulidwa pa malipiro. Werengani mzere uliwonse wa peyisilipi, ndipo pambali pa ngongole iliyonse lembani mwezi umene inayamba ndi umene ikuyenera kutha. Zimachitika kuti ngongole yatha koma kudula kukupitirira chifukwa kalata yoimitsa sinafike kwa okonza malipiro. Zikatero, katengeni kalata yotsimikiza kuti munamaliza kubweza kwa amene anakubwereketsani, kaiperekeni ku ofesi ya malipiro, ndipo mupemphe molemba kuti ndalama zodulidwa mopitirira zibwezedwe.

3. Zodulidwa zimene munaiwala kuti munasainira. Apa pali inshulansi ya maliro, sikimu ya chipatala, ndalama za bungwe la apantchito, masheya a ku SACCO (bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsa ndalama), thumba la chisoni la pa ofesi ndi ngongole ya sukulu ya ukachenjede. Ndaonapo munthu akulipira inshulansi za maliro ziwiri zotchinjiriza anthu omwewo, chifukwa anasaina fomu ina pa tsiku limene ogulitsa anabwera pa sukulu nthawi yopuma. Musathamangire kuletsa inshulansi musanafunse zimene mutaye, koma zobwereza ziyenera kuchoka.

4. Banki yadula yokha. Ngati chiwerengero cha pansi pa peyisilipi chikusiyana ndi chimene mwapeza mu akaunti, vuto lili kubanki: ndalama yosungira akaunti, ya mauthenga a pafoni, kapena kangongole kofulumira kamene munatenga pakati pa mwezi. Sitetimenti imaonetsa zonsezi.

5. Kulakwitsa kwa okonza malipiro. Izi sizichitika kawirikawiri, koma zimachitika, makamaka munthu akasamutsidwa kapena akakwezedwa. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa wantchito ufulu wolandira pepala lofotokoza malipiro ake ndi zonse zimene zadulidwa, choncho kupempha peyisilipi si mwano.

## Chizindikiro chachiwiri: malipiro akutha pasanafike pa 15

Vuto ili ndilo lofala koposa, ndipo pafupifupi nthawi zonse limayambira pa masiku atatu oyambirira ndalama zikangolowa.

1. Malipiro akufika atadyedwa kale. Pa tsiku la malipiro lembani ndalama zimene mwabweza kwa anthu musanagule kalikonse ka mwezi watsopano: mwini okala, mayi wogulitsa makala, mnzanu amene anakuthandizani pa mayendedwe, ngongole ya pafoni ndi mayunitsi obwereka. Ngati zimenezi zikukwana gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama zanu kapena kuposerapo, ndiye kuti mwezi uliwonse mukudya malipiro a mwezi wa mawa. Dzenje limeneli silikwiririka mwezi umodzi. Ngati mumabweza K80,000 mwezi uliwonse n'kubwerekanso yomweyo, yesetsani kuti mwezi uno mubwereke K60,000, wotsatira K40,000, kufikira itatha m'miyezi inayi. Miyezi inayiyo imakhala yowawa, ndipo ndi bwino kuuza a m'nyumba mwanu pasadakhale chifukwa chake nyama yachepa.

2. Simupatula zofunika pa tsiku loyamba. Ndalama ikakhala pamodzi mu akaunti imaoneka yambiri, ndipo munthu amagula mosawerenga poganiza kuti lendi ilipobe. Lipirani zosasintha tsiku lomwelo kapena mawa lake. Kwa munthu wolandira K420,000 m'manja, kagawidwe kake kakhoza kukhala kotere:

- Lendi: K90,000
- Mayunitsi a ESCOM ndi madzi a Southern Region Water Board: K35,000
- Mayendedwe a kuntchito ndi a ana: K40,000
- Ufa, ndiwo, mafuta ophikira, shuga, sopo ndi makala: K150,000
- Foni ndi intaneti: K12,000
- Makolo kumudzi ndi zopereka za kutchalitchi kapena kumzikiti: K30,000
- Thumba la fizi ndi ulimi: K45,000
- Zadzidzidzi: K18,000

Zonse pamodzi zikukwana K420,000 ndendende, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira, chifukwa ndalama yopanda dzina ndiyo imayamba kusowa.

3. Ndalama ya ndiwo mumaigawa panayi. Cholakwika ichi n'chaching'ono koma chimazunza mabanja ambiri. Masabata anayi ndi masiku 28, pomwe mwezi uli ndi masiku 30 kapena 31, ndipo malipiro akachedwa pang'ono masiku opanda ndiwo amafika asanu kapena asanu ndi limodzi. Ngati pa K150,000 ya chakudya ija K60,000 ndi ya ndiwo za tsiku ndi tsiku, igaweni pasanu, K12,000 pa sabata, m'malo mwa K15,000. Ikani gawo lililonse mu envulopu yakeyake, ndipo yachisanu isatsekulidwe mpaka nthawi yake.

4. Kugula pang'onopang'ono zinthu zosaonongeka msanga. Mafuta oyezera m'kachubu, shuga wa m'timapepala ndi ufa wa m'kajumbo zimaoneka zotsika mtengo pa tsikulo, koma pa mwezi wonse zimadula kuposa kugula kamodzi. Ufa, nyemba, mpunga wa ku Chilwa, matemba ouma, sopo ndi mchere gulani malipiro akangolowa, ndipo yerekezani mitengo ya mu msika waukulu wa mumzinda ndi ya ku Mpondabwino, ku Songani kapena ku Thondwe, osaiwala kuwerengera mtengo wa ulendo wake. Mabanja awiri kapena atatu oyandikana akhoza kusonkherana n'kugula katoni ya sopo kapena chigubu cha mafuta pa mtengo wa pikulitsa.

5. Chisangalalo cha tsiku la malipiro. Kugulira ana nkhuku malipiro akalowa n'koyenera, ndipo bajeti yoletsa chisangalalo chilichonse sikhalitsa. Chofunika n'kuchipatsa malire ndi kutuluka m'nyumba ndi ndalama yokhayo, khadi la kubanki litatsala kunyumba.

## Chizindikiro chachitatu: ndalama zatha koma simukudziwa kumene zapita

Kwa masiku 30 lembani chilichonse chimene mwagula, ngakhale mandasi a K200, ndipo muzilemba madzulo a tsiku lomwelo chifukwa pofika m'mawa theka mumakhala mutaiwala. Zimene zimaonekera m'kope ndi izi:

- Mayendedwe afupiafupi. Munthu wokhala ku Chinamwali kapena ku Matawale amene amawononga K1,500 patsiku pa kabaza, pa masiku 22 a ntchito amakhala atalipira K33,000. Ngati mumakwera chifukwa chochedwa kudzuka, mankhwala ake ndi kulawira. Ngati mtunda ndi wautali, kambiranani ndi wakabaza mmodzi mtengo wa pamwezi.
- Chakudya cha masana. Tchipisi cha K2,000 tsiku lililonse la ntchito ndi K44,000 pamwezi, pafupifupi theka la lendi ya m'chitsanzo chija.
- Mayunitsi ndi mabandulo a tsiku limodzi. Bandulo ya pamwezi imaoneka yodula pogula, koma werengani zimene mwawononga pa timabandulo ta tsiku ndi tsiku musanaweruze.
- Ndalama zodulidwa potapa ndi potumiza. Kutapa pang'onopang'ono kwa ejenti kasanu kapena kakhumi pamwezi kumadya zambiri kuposa kutapa kawiri. Kumene kuli kotheka, lipirani mayunitsi ndi madzi mwachindunji pafoni.
- Kubetcha ndi mowa. Izi anthu sazilemba m'kope chifukwa cha manyazi, koma mauthenga a pafoni amazisunga. Phatikizani ndalama zonse zimene munatumiza ku kubetcha mwezi wathawu, n'kuchotsapo zimene munatapadi n'kugwiritsa ntchito pakhomo, osati zimene munapambana n'kuzibwezeranso komweko.

Pali chifukwa china chimene kope la munthu mmodzi silingachione: bambo ndi mayi akugula aliyense payekha, osadziwitsana, ndipo wina akutumiza ndalama kwao mobisa. M'nyumba imodzi mukhale kope limodzi, ndipo onse awiri azidziwa chiwerengero chenicheni cha pa peyisilipi. Ndikudziwa kuti abambo ambiri saonetsa peyisilipi kwa akazi awo, koma mayi amene sadziwa kuti mwamuna wake amalandira zingati sangathandize kusunga, ndipo amaganiza kuti ndalama zikupita kwina.

## Chizindikiro chachinayi: miyezi ina bajeti imayenda, koma ina imagweratu

Yang'anani miyezi imene munabwereka chaka chathachi. Kwa anthu ambiri kuno imakhala Seputembala, Novembala, Januwale ndi Epulo, ndipo palibe chodabwitsa pa miyezi imeneyi chifukwa zimene zimachitikamo zimadziwika chaka chisanayambe.

1. Fizi ndi zofunika kusukulu. Matemu amatsekulidwa katatu pachaka, ndipo ya Seputembala ndiyo yolemetsa chifukwa imabwera ndi yunifomu, nsapato ndi makope, pomwe ana olemba mayeso a MANEB amafunikanso ndalama ya mayeso. Ngati zonse za kusukulu zimakwana K120,000 pa temu, pachaka ndi K360,000, ndipo mukagawa pa miyezi 12 ndi K30,000 pamwezi.

2. Ulimi. Apantchito ambiri mu Zomba ali ndi munda kwinakwake, kaya ku Jali, ku Mayaka, ku Domasi kapena kwao kutali. Mbewu, fetereza ndi aganyu zimafunika kuyambira Okutobala mpaka Januwale, nthawi yomweyo imene Khirisimasi ndi fizi zikudikira. Ngati ulimi umakudyerani K180,000, ndiye K15,000 pamwezi. Kuphatikiza ndi ya fizi ija, ndi K45,000 imene ndinaitcha thumba la fizi ndi ulimi.

3. Chimanga cha nthawi ya njala. Mtengo wa chimanga umatsika nthawi yokolola, cha mu Epulo mpaka Juni, n'kukwera kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale. Amene ali ndi malo ouma osungira agule matumba a chaka chonse nthawi yokolola, athire mankhwala a anankafumbwe kapena agwiritse ntchito matumba osalowa mpweya. Musaiwale kuwerengera ndalama ya kuchigayo.

4. Malipiro a Disembala amene abwera msanga. Akalowa Khirisimasi isanafike, ayenera kukufikitsani kumapeto kwa Januwale, masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Lendi ya Januwale ndi fizi zipatuleni tsiku lomwelo.

Thumba limeneli lisakhale mu akaunti imene mumatapamo tsiku ndi tsiku. Liikeni ku SACCO, mu akaunti yachiwiri yopanda khadi, kapena mu chipereganyu chimene mwapempha kuti chidzakugwereni mwezi wa fizi. Banki m'khonde imene imagawana mu Disembala imathandiza pa fetereza wobereketsa ndi fizi ya Januwale, bola ndalamazo zisathere pa zovala za chikondwerero.

Ine ndinaphunzira zimenezi movutikira. Chaka china ndinauzidwa kuntchito kuti ndalama zanga zotsalira za kukwezedwa zibwera mu Ogasiti, ndipo ndinaziwerengera pa fizi ya mwana amene amayamba Fomu 1. Tsiku lotsekulira linafika ndalamazo zisanabwere. Ndikukumbukira nditakhala pa khonde usiku, sutikesi ya mwanayo ili pabalaza, ndowa ndi khasu zitamangidwa pamodzi, ine ndikuyang'ana foni mobwerezabwereza kudikira uthenga wa kubanki. M'mawa mwake ndinakabwereka pa chiwongoladzanja chokwera, ndipo pamene zotsalirazo zinafika mu Novembala, gawo lalikulu linangodutsa m'manja mwanga kupita kwa wondibwereketsayo. Kuyambira pamenepo ndalama yolonjezedwa sindiilemba m'kope isanalowe.

## Chizindikiro chachisanu: mukubwereka kuti mubweze ngongole ina

Chizindikiro ichi ndicho choopsa pa zonse. Lembani ngongole iliyonse pa mzere wake: mwini wake, ndalama yotsala, yobweza pamwezi, ndi chiwongoladzanja.

1. Katapila. Obwereketsa ena amafuna theka pamwamba pakutha pa mwezi, ena amafuna kuwirikiza. Munthu wobwereka K50,000 kuti adzabweze K75,000 akalephera, amauzidwa kuti angopereka K25,000 ya pamwambayo ndipo ngongole idikire mwezi wa mawa. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi wapereka K150,000, koma K50,000 ija ikadali yonse. Ngongole yotereyi ndiyo yoyamba kuthetsedwa, ngakhale zitatanthauza kugulitsa mbuzi, wailesi ya kanema kapena matumba angapo a chimanga. Khadi la kubanki ndi nambala yake yachinsinsi, komanso chiphaso cha unzika, musazipereke kwa munthu ngati chikole.

2. Kuwonjezera ngongole pa ngongole. Makampani obwereketsa apantchito amaimba foni ngongole ikatsala pang'ono kutha, kukuuzani kuti mukhoza kutenganso. Gawo la ndalama yatsopanoyo limabweza yakale, inu mumalandira yotsala, ndipo miyezi yodulidwa imayambiranso. Musanasaine, funsani mafunso atatu: ndilandira zingati m'manja, ndizidulidwa zingati pamwezi, kwa miyezi ingati? Kenaka chulukitsani nokha. K32,000 kwa miyezi 24 ndi K768,000, ndipo ngati m'manja mwalowa K500,000, mtengo wa ngongoleyo ndi K268,000.

3. Kukhala m'magulu ambiri. Banki m'khonde ndi yabwino, koma munthu wa m'magulu atatu amayamba kubwereka uku kuti akasonkhe uko, ndipo magulu ena amakakamiza membala aliyense kubwereka kuti thumba likule. Khalani m'gulu limodzi kapena awiri amene malamulo ake ndi olembedwa, ndipo tulukani m'enawo pa nthawi yogawana.

4. Kuimira munthu wina pa ngongole. Mukasaina ngati mboni yoimira mnzanu, iye akalephera ngongoleyo imagwera inu. Imirani munthu pa ndalama yokhayo imene mungathe kubweza nokha osagona ndi njala.

Kukonza kwake n'kusiya kaye kubwereka kwina kulikonse, kupitiriza kulipira zochepa zofunika pa ngongole zonse, ndi kuponya ndalama iliyonse yapadera pa ngongole ya chiwongoladzanja chokwera koposa. Kutenga ngongole imodzi ya ku SACCO kuti mutseke za katapila n'kwanzeru pokhapokha ngati ndalamayo ipita kwa eni ngongolewo tsiku lomwelo ndipo simubwererakonso. Kuthawa foni za kubanki kumangokulitsa mlandu, chifukwa mbiri ya kabwezedwe kanu imakafika ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, ndipo imadzakutsekerani khomo tsiku limene mudzafune ngongole yomangira nyumba.

## Chizindikiro chachisanu ndi chimodzi: maliro, matenda ndi zopempha za achibale zikugwetsa bajeti

Munthu wapantchito ndi nkhokwe ya mtundu wake, ndipo sindingalangize wina kutseka foni amayi ake akudwala. Cholakwika chimene ndimachiona n'choti thandizo limeneli sililembedwa m'bajeti ngakhale limaperekedwa mwezi uliwonse.

- Thandizo la makolo lilibe chiwerengero. Gwirizanani za ndalama yokhazikika ndi tsiku lake, kuti nawonso azidziwa podalira.
- Katundu ali pa munthu mmodzi. Kambiranani pachibale, ndipo aliyense, ngakhale wa geni yaing'ono, azisonkha pang'ono mu thumba la banja limene msungi wake si inu nokha.
- Zinkhoswe, maukwati, mapwando a mkwatibwi ndi ziliza. Izi zimadziwika pasadakhale ndipo zimachuluka m'chilimwe. Sankhani zimene mupite, ndipo ndalama ya pelekanipelekani muiyeze musanachoke pakhomo.
- Palibe thumba la zadzidzidzi. K18,000 pamwezi ikuoneka yochepa, koma pa chaka ndi K216,000, yokwanira ulendo wa kumaliro ndi chipepeso, kapena mankhwala ogula pamene kuchipatala atha.

Uthenga wa pafoni wonena kuti m'bale wanu wagonekedwa kuchipatala ndipo mutumize ndalama pa nambala yachilendo muyambe mwautsimikiza poimbira m'baleyo kapena wina wa pafupi naye, popeza akuba a pafoni amagwiritsa ntchito njira imeneyi.

## Chizindikiro chachisanu ndi chiwiri: simunasinthe kalikonse koma ndalama sizikukwananso

Apa chifukwa chake ndi kukwera kwa mitengo. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya mafuta ophikira, sopo, fetereza ndi mayendedwe inatsatira, pomwe malipiro a anthu ambiri sanakwere mofanana. Ofesi ya boma yoona za ziwerengero ya National Statistical Office, imene likulu lake lili konkuno ku Zomba, imatulutsa chiwerengero cha kukwera kwa mitengo mwezi uliwonse, koma chiwerengero chokhudza nyumba yanu chili m'kope lanu. Lembaninso mitengo miyezi itatu iliyonse, ndipo mzere wina ukakwera, sankhani mzere umene utsike m'malo mobwereka.

Ngati mwadula zonse zodulika ndipo lendi, chakudya ndi mayendedwe zokha zikuposa ndalama zimene mumalandira, vutolo si kusasamala kwanu. Chotsala ndi kusintha chinthu chachikulu: nyumba yotsika mtengo kapena yapafupi ndi kuntchito, sukulu ina, kapena njira yowonjezera ndalama monga dimba la masamba ndi nkhuku. Mpamba wa geni uchokere pa zosunga, chifukwa geni yoyamba ndi ngongole ya katapila imagwirira ntchito mwini ngongoleyo.

## Pamene muyenera kuima ndi kufuna thandizo la odziwa

- Zadulidwa ndalama zimene simunavomereze, kapena malipiro sakubwera. Lembani kalata ku ofesi yoona za antchito pamalo panu ndipo musunge kope lake. Akapanda kuyankha, pitani kwa mtsogoleri wa bungwe lanu la apantchito kapena ku ofesi ya zantchito ya boma la Zomba. Milandu yotere ikakula imapita ku khoti loona milandu ya zantchito la Industrial Relations Court.
- Penshoni ikudulidwa koma sikuoneka ku kampani yosunga penshoni. Pemphani sitetimenti ya penshoni yanu, ndipo ikaonetsa miyezi yosowa, kadandauleni ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira za penshoni.
- Banki, SACCO, kampani ya inshulansi kapena yobwereketsa yakudulani mosadziwika bwino. Yambani kudandaula molemba kwa iwo eni, ndipo mukapanda kukhutira pitani ku Reserve Bank yomweyo. Ndi komwekonso kumene mungafunse ngati kampani yolonjeza phindu lalikulu m'masabata ochepa ili ndi chilolezo, musanaikeko ndalama.
- Zobweza ngongole zafika theka la ndalama za m'manja. Musatengenso ina. Pitani kwa woona za ngongole ku banki kapena ku SACCO yanu ndi mndandanda wonse, mukapemphe kuti akukonzereninso kabwezedwe musanayambe kulephera.
- Mwalandira masamoni a kukhoti kapena kalata yolanda katundu. Musaibise m'sutikesi, chifukwa masiku oyankhira ndi owerengeka. Onanani ndi loya, ndipo ngati mulibe ndalama pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu amene sangathe kulipira loya.
- Wobwereketsa akukuopsezani, walanda katundu mwa mphamvu kapena akukana kubweza khadi lanu. Kaneneni kupolisi, ndipo kubanki mukatseketse khadilo n'kutenga lina.
- Mwatumiza ndalama kwa wakuba wa pafoni kapena mwaulula nambala yachinsinsi. Imbirani kampani ya foni kapena banki nthawi yomweyo, kenaka polisi.
- Mukulephera kusiya kubetcha kapena mowa, simukugona, kapena mwayamba kuganiza zodzipha chifukwa cha ngongole. Apa kope la bajeti liyambe laikidwa pambali. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, kaya mnzanu wa m'banja, m'busa kapena shehe, ndipo pitani kuchipatala chapafupi, ku Zomba Central Hospital kapena ku Zomba Mental Hospital, kumene kuli anthu ophunzitsidwa kuthandiza pa nkhawa zotere. Ngati ndi mnzanu amene walankhula mawu otere, musamusiye yekha, ndipo mumuperekeze.

Popita kulikonse mwa malo amenewa, nyamulani chiphaso cha unzika, mapeyisilipi, sitetimenti, mapepala a mgwirizano wa ngongole ndi malisiti, zonse zitajambulidwa kuti zenizenizo zitsale ndi inu. Lembani m'kope tsiku limene mwapita, udindo wa amene mwalankhula naye ndi tsiku limene wakuuzani kuti mudzabwerenso.